Kabichi wopulumutsa amalinyero adathera m'kamwa mwa akalulu

Inu amayi ndi abambo a geni ya masamba, amene mumadzuka tambala woyamba kukachingamira lole ya ku Lizulu kapena ku Tsangano, lero takutengerani nkhani ya katundu wanu yemweyo. Kabichi uja mumamusenda masamba akunja n'kuponyera kuseri kwa benchi, uja mumamugwetsa mtengo dzuwa likapendeka poopa kubwerera naye kunyumba, ali ndi m'bale wake kutsidya la nyanja amene kale ankawombola anthu kukamwa kwa imfa.

M'bale wakeyo salimidwa m'dimba. Sadaonepo feteleza, sathiriridwa ndi kheni, ndipo palibe venda adamuunjikapo pa mulu. Amamera yekha pa zilumba zozizira koopsa za kummwera kwenikweni kwa nyanja ya Indian Ocean, komwe kulibe mudzi, kulibe msika, kulibe ngakhale mtengo umodzi woti munthu n'kuusapo. Azungu amamutcha kabichi wa ku Kerguelen. Akatswiri a zomera adamupatsa dzina lalitali ngati sitima ya pamtunda, ati Pringlea antiscorbutica. Musalume lilime abale, mbali yachiwiri ya dzinalo ikungotanthauza kuti wolimbana ndi chiseyeye.

Chiwongo cha munthu mmodzi

Akatswiri amasanja zomera monga momwe ife timadziwirana. Pamakhala banja lalikulu, ndiye m'banjamo mumakhala ziwongo, a Phiri apa, a Banda apo, a Mwale uko. Banja la mpiru, lomwe m'mabuku mwawo amalitcha Brassicaceae, lili ndi ziwongo zoposa 300, ndipo mitundu ya zomera zake imapitirira 3,700. Katundu wambiri wa pa benchi panu ndi wa chiwongo chimodzi chotchedwa Brassica. Kabichi, repu, mpiru, tanaposi, chayinizi, chomoliya, kolifulawa wa azungu uja, onsewa ndi pachibale.

Mukafuna umboni, usiyeni mpiru m'dimba ukule mpaka uchite maluwa. Mudzaona kuti kaduwa kalikonse kali ndi timasamba tinayi totambasuka ngati mtanda. Repu chimodzimodzi. Umboni wina uli pa mphuno ndi pa lilime. Fungo lija limadzaza nyumba kabichi akakhalitsa pamoto, ndi kuwawa kwa mpiru kumene ana amakwinya nako nkhope, zonsezo zimachokera ku mankhwala okhala ndi sulufule amene banjali limadzitetezera nawo ku tizilombo.

Tsono chiwongo cha Pringlea n'cha munthu mmodzi basi. Alibe mkulu, alibe mng'ono. Akatswiri a masiku ano atamuyeza adapeza kuti abale ake apafupi ali ku South America, mtunda wa makilomita zikwizikwi kuchokera kwawoko. Amapezeka pa zilumba za Kerguelen ndi Crozet zomwe ndi za France, za Heard ndi McDonald zomwe ndi za Australia, ndiponso za Marion ndi Prince Edward zomwe ndi za South Africa. Kwina konse pa dziko lapansi kulibe.

Kumuona, ndi kabichi ndithu. Masamba okhuthala ozungulira mtima wothinana, pansi pali tsinde lonenepa lokwawa. Kusiyana kwake n'kwakuti wathuyu timadula pakatha miyezi itatu kapena inayi, pomwe iye amakhala zaka pamalo amodzi. Maluwa ake nthawi zambiri alibe timasamba tinayi tija. Angadzikongoletsere yani? Njuchi kulibe, ndiye amangodziberekera yekha. Pakati pa masamba ake pamakhala ntchentche ina yoseketsa yopanda mapiko, yongoyenda ngati nyerere. Kumeneko mphepo ndi yoti kachilombo kakayerekeza kuuluka kamakagwera m'nyanja.

Bodza la bwana Kerguelen

Zilumba za Kerguelen zili pa mtunda wa makilomita oposa 3,000 kuchokera ku Madagascar. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 7,215, kuposa boma lonse la Lilongwe. Mvula, chipale ndi mphepo ndiye chakudya cha tsiku ndi tsiku, moti ngakhale nyengo yomwe iwo amati yotentha kumazizira kuposa Dedza mu June.

Adaziona koyamba mu February 1772 ndi mkulu wa sitima wa ku France, Yves-Joseph de Kerguelen-Trémarec. Mkuluyu sadapondepo phazi pamtunda, adangosuzumira ali m'sitima. Koma atabwerera kwawo adakauza mfumu Louis XV kuti wapeza dziko lalikulu lachonde, loti France ilemera nalo. Inu a malonda mukumudziwa munthu wotere, uja amati thumba lonse ndi labwino pomwe wangokuonetsani za pamwamba. Mfumu idamupatsa sitima zina kuti abwerereko mu 1773. Ulendo wachiwiriwo ndiwo udaulula zonse: miyala, mphepo, chisanu. Atafika kwawo adamuzenga mlandu n'kumutsekera m'ndende mu 1775, ndipo mwa milandu yake padali wobisa mtsikana m'sitima ndi wochita geni yakeyake pa sitima ya boma. Koma dzina lake lidakanirira pa zilumbazo mpaka lero.

Nthenda yogwetsa mano

Kuti mumvetse chifukwa chake tsamba la pa chilumba chopanda pakechi lidatchuka, muyenera kudziwa chomwe amalinyero ankachiopa kuposa namondwe ndi mizinga ya adani.

Masiku amenewo sitima zinkayenda ndi mphepo. Ulendo umodzi unkatenga miyezi, wina zaka. Firiji kudalibe. Chakudya chidali nyama ya ng'ombe kapena nkhumba yoviika mumchere m'migolo, nandolo wa azungu wouma, ndi mabisiketi olimba ngati njerwa, odzaza ndi anankafumbwe. Pakatha milungu isanu ndi itatu, khumi, khumi ndi iwiri munthu osalawa tsamba kapena chipatso, zinthu zinkayamba. Poyamba kufooka, munthu kumangofuna kugona. Kenaka nkhama kutupa, kuda, kutuluka magazi, mpaka kukwirira mano. Mano kugwedera n'kumagwa okha. Miyendo kuchita mawanga akuda. Choopsa kwambiri, zipsera za mabala omwe adapola kalekale zinkatsegukanso ngati munthu wavulala dzulo. Mapeto ake, mtembo kuusokera m'chinsalu n'kuuponya m'madzi.

Ndicho chiseyeye chenicheni, osati chongotuluka timagazi potsuka mano. Akatswiri a mbiri yakale amayerekeza kuti pakati pa zaka za 1500 ndi 1800 chidapha amalinyero pafupifupi 2 miliyoni. Mpwitikizi Vasco da Gama chidamugwirira anthu ake kufupi konkuno, pa mtsinje wa ku Quelimane m'dziko la Mozambique, kumayambiriro kwa 1498. Mngelezi George Anson adanyamuka mu 1740 ndi anthu pafupifupi 1,900 kukamenyana ndi Spain. Pofika 1744 pafupifupi 1,400 adali atafa, ambiri mwa iwo osalasidwa ndi chipolopolo.

Musaganize kuti ndi nthenda ya azungu a pamadzi okha. M'zaka zoyambirira za m'ma 1900 chiseyeye chidapha anthu ambiri m'makomboni a migodi ya ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, komwe agogo athu ankapita kukasaka ndalama ya msonkho. Chakudya chawo chidali nsima ya mgaiwa tsiku ndi tsiku, ndiwo zamasamba osaziona. M'zaka za m'ma 1980 chidabukanso m'misasa ya anthu othawa nkhondo ku Somalia, Ethiopia ndi Sudan, komwe anthu ankangolandira ufa, nyemba ndi mafuta.

Lero mwana wa pulayimale akhoza kukuuzani kuti vuto ndi kusowa kwa vitamini C. Thupi limamufuna popanga zomwe tingati guluu wogwirizitsa khungu, nkhama ndi mitsempha ya magazi. Mbuzi ndi galu zimadzipangira zokha vitaminiyu m'thupi, koma munthu sangathe, ayenera kumudya basi. Ndipo safunika wambiri, mamiligalamu 10 okha pa tsiku amakwanira kutsekereza chiseyeye. Koma kalelo palibe ankadziwa. Ena ankati ndi mpweya woipa wa m'nyanja, ena ankati ndi mchere, ena mpaka ankati ndi ulesi, n'kumawakwapula odwalawo kuti agwire ntchito.

Mu 1747 dokotala wa ku Scotland, James Lind, adatenga odwala 12 m'sitima yotchedwa Salisbury n'kuwagawa awiriawiri. Ena adawapatsa viniga, ena madzi a m'nyanja, ena mankhwala ena. Awiri adawapatsa malalanje awiri ndi ndimu imodzi pa tsiku. Pomwe zipatsozo zimatha, patangopita masiku asanu ndi limodzi, mmodzi mwa awiriwo adali atadzuka kubwerera ku ntchito. Mukuganiza kuti akuluakulu adathamangira kukagula mandimu? Ayi ndithu. Asilikali a pamadzi a Britain adayamba kugawa madzi a mandimu kwa onse mu 1795, patatha zaka 48. Za maofesi n'zakale abale.

Khirisimasi ya pa chilumba cha chipululu

Munthu amene adaonetsa kuti ulendo wautali ungatheke popanda kutaya anthu ndi chiseyeye ndi Captain James Cook. Iyeyu paliponse pomwe waima ankatuma anyamata ake kukathyola chilichonse chobiriwira chodyeka. Ankanyamulanso migolo ya kabichi wodula n'kusasitsa mumchere, yemwe Ajeremani amamutcha sauerkraut. Poyamba amalinyero adamukana, ati n'zonunkha. Cook sadakalipe. Adangolamula kuti kabichiyo aziikidwa pa tebulo la mabwana tsiku lililonse, ndipo wamba adye yekhayo wofuna. Sipadatenge nthawi, aliyense adayamba kumulimbirana mpaka adachita kumugawa mopima. Nzeru imeneyi ngakhale pa msika imagwira: bwana wa galimoto akangoima pa benchi yanu, ena onse amabwera pomwepo.

Pa ulendo wake wachitatu, Cook adafika ku Kerguelen ndi sitima ziwiri, Resolution ndi Discovery, n'kuima pa gombe lina pa Khirisimasi ya 1776. Gombelo adalitcha Christmas Harbour. Anyamata ake adapezapo botolo lokhala ndi kalata yomwe Afalansa adasiya. Malowo adamuipira Cook moti adati dzina lowayenera ndi Desolation, kutanthauza chipululu chosiyidwa.

Koma dokotala wa m'sitimamo, William Anderson, mnyamata wa ku Scotland wokonda zomera, adaona china. M'malo onyowa m'mbali mwa mapiri mudali mbewu yonga kabichi yemwe wapitirira nthawi yokolola. Adalemba kuti ankaidya yaiwisi kawirikawiri, ndipo kuti akaiphika inkatulutsa fungo lamphamvu lomwe ena silinkawasangalatsa pomwe ena ankangoti ndiwo ndi zomwezi. Adaganizanso kuti mwina itabzalidwa m'madimba a ku Ulaya ingasanduke ndiwo yabwino. Iye ndiye adapereka dzina la Pringlea, polemekeza Sir John Pringle, dokotala wamkulu wa asilikali yemwe panthawiyo adali mtsogoleri wa bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society ku London.

Apa pali kankhani koseketsa. Chaka chomwecho cha 1776 bungweli lidapatsa Cook mendulo chifukwa chosunga anthu ake amoyo, ndipo a Pringle ndiwo adalankhula pa mwambowo. Koma bwanayu ankakhulupirira kuti mankhwala enieni a chiseyeye ndi madzi a chimera, tinene kuti thobwa la azungu, lomwe lero tikudziwa kuti silithandiza kanthu pa nthendayi. Ndiye tsamba lochizadi lidatenga dzina la munthu yemwe ankaloza kolakwika. Anderson mwini wake sadabwerere kwawo. Adamwalira ndi chifuwa chachikulu mu 1778 ulendo uli mkati, ndipo Cook naye adaphedwa ku Hawaii mu 1779.

Masiku 130

Mbiri ya kabichiyu idafala pakati pa anthu osaka anangumi ndi nyama za m'nyanja zotchedwa seal, ochokera ku America ndi England, amene m'zaka za m'ma 1800 ankakhala miyezi pa zilumbazi akuwiritsa mafuta. Kwa iwowa, dimba laulereli ndilo lidali chipatala.

Umboni womveka bwino udabwera mu 1840. Sitima ziwiri za Britain, Erebus ndi Terror, motsogozedwa ndi James Clark Ross, zidaima pa Christmas Harbour kuyambira May mpaka July, pakati pa nyengo yozizira, zili pa ulendo wopita ku Antarctica. M'sitima ya Erebus mudali wothandizira dokotala wa zaka 22, Joseph Hooker. Mnyamatayu ankayenda m'chisanu kutola zomera, nthawi zina kuchita kuzikhalira kuti zisungunuke pa mwala. Iye ndiye adafotokoza kabichiyu mwatsatanetsatane m'buku lake la Flora Antarctica, n'kusunga dzina lomwe Anderson adapereka.

Hooker adalemba kuti kwa masiku 130 anthu a m'sitima ziwirizo sadafune ndiwo ina yamasamba koma imeneyi, ndipo kuti kwa milungu isanu ndi inayi inkagawidwa mwalamulo pamodzi ndi nyama ya mchere ija. Nthawi yonseyo m'sitima mudalibe matenda. Adaonanso kuti masamba ake ali ndi timafuta tachikasu tonunkhira mwamphamvu, ndipo mtima wake waiwisi umaluma lilime ngati mpiru. Hooker yemweyu pambuyo pake adadzakhala mkulu wa munda wotchuka wa zomera wa Kew ku London, komwe John Kirk, mnzake wa David Livingstone, ankatumizako zomera za m'chigwa cha Shire.

Tsono imvani zomwe zidachitikira sitima zomwezo. Mu 1845 Erebus ndi Terror zidatumizidwa kumpoto kwenikweni kwa Canada pansi pa Sir John Franklin, zitanyamula anthu 129 ndi zakudya za m'zitini. Zidakanirira m'madzi oundana. Kumeneko kudalibe kabichi woti athyole. Palibe ndi mmodzi yemwe adabwerako, ndipo chiseyeye chimatchulidwa pakati pa zomwe zidawafooketsa, pamodzi ndi njala ndi chisanu. Mwa omwe adathera kumeneko padali Francis Crozier, yemwe adali woyendetsa Terror pa nthawi ija ankadya kabichi ku Kerguelen. Zigoba za sitimazo zidapezeka pansi pa nyanja mu 2014 ndi 2016.

Za m'poto mwathu

Chomwe chidali m'tsambalo chidadziwika mochedwa. Katswiri wa ku Hungary, Albert Szent-Györgyi, adachitulutsa mu 1928, ndipo mwa zinthu zomwe adachipezamo mudali kabichi wamba, wonga wa pa benchi panuyo. Mu 1932 zidatsimikizika kuti chimenecho ndiye vitamini C, ndipo mu 1937 mkuluyu adalandira mphotho ya Nobel.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa banja lonse la mpiru lili ndi vitaminiyu wochuluka, koma ndi mlendo wosachedwa kunyanyala. Amasungunuka m'madzi, amaonongeka ndi moto, amathawa tsamba likafota pa dzuwa, ndipo soda kapena chidulo ndiye mdani wake weniweni. Repu wothyoledwa m'mawa, wosungidwa pa mthunzi ndi kuwazidwa madzi, si chimodzimodzi ndi uja wagona masiku atatu pa thumba la saka pa dzuwa la October. Amayi amene amafunditsa masamba awo ndi chiguduli chonyowa amaganiza kuti akungosunga maonekedwe kuti kasitomala akopeke, osadziwa kuti akusunganso mankhwala.

Kunyumba nako, kudula masamba n'kuwasiya m'beseni la madzi, kuwawiritsa mpaka asanduke a khaki, kenaka n'kukhetsa madziwo, ndiye kuti mphamvu yapita ku dzala, m'mbale mwatsala makoko. Ine sindikunena kuti tisiye chidulo, nkhwani wotendera wopanda kufewa ndani angamudye? Mfutso nawo uli ndi ntchito yake m'chilimwe, ngakhale vitamini C wambiri amatsalira pa mphasa poyanika. Koma kabichi, repu ndi chayinizi safuna zonsezo. Madzi pang'ono, moto wachangu, kuphula akadali obiriwira, msuzi wake n'kudyera limodzi. Komwe kwapereweraku bwemba sangathandize kwenikweni, koma gwafa, papaya, malambe, masau ndi ndimu zimakwirira.

Akalulu a ku Robben Island

Tibwerere ku chilumba chathu, chifukwa apa ndi pomwe nkhani idakhotera.

Mu December 1874 nyenyezi ya Nthanda, yomwe azungu amati Venus, inkayembekezeka kudutsa pamaso pa dzuwa. Zimenezi zimachitika patalipatali, ndipo akatswiri ankafuna kuzigwiritsa ntchito poyeza mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa. Magulu a ku Britain, Germany ndi America adapita ku Kerguelen ndi makina awo oonera kutali. Gulu la Britain, lomwe ankalitsogolera wansembe wa Chikatolika, Bambo Stephen Perry, lidadzera ku Cape Town, ndipo sitima yawo idanyamula akalulu ochokera pa Robben Island, chilumba chomwe chija patapita zaka adadzatsekerapo Nelson Mandela.

Cholinga chidali chabwino zedi. Ankati munthu sitima ikamuswekera n'kupulumukira pa chilumbachi, azipeza nyama. Adawamasula akaluluwo, adaona nyenyezi yawo, n'kumapita.

Kalulu adapeza dziko lopanda galu, lopanda nkhandwe, lopanda mlenje, lodzaza ndi kabichi. Mbewu yomwe chiyambire sidaonepo dzino la nyama yodya msipu idalibe minga, idalibe pothawira. Akalulu adaswana, adadya masamba, adadya mtima, adakumba mpaka tsinde. M'madera ambiri a chilumba chachikulu momwe kabichi ankayala ngati munda, mudatsala dothi lokokoloka ndi kachitsamba kena kotchedwa Acaena, ka njere zomata zovala ngati chisoso. Lero pa chilumba chachikulucho kabichi amapezeka kwambiri m'maphompho momwe kalulu sangakwere, ndi pa tizilumba ting'onoting'ono pomwe kalulu sadafikepo.

Taganizani bwino. Munthu wopulumuka m'madzi uja ankamuganizirayu, chomwe chikadamuteteza ku chiseyeye ndi tsamba, osati nyama yowotcha. Ndiye pofuna kumusiyira ndiwo ya nyama adamuphera mankhwala. Kwathu kuno timati chifundo chidapha nkhwali.

France itakhazikitsa malo a akatswiri otchedwa Port-aux-Français mu 1950, zolakwika zidapitirira. Amphaka omwe adabwera nawo kuti azigwira makoswe adalowa m'tchire n'kuyamba kudya mbalame za m'nyanja. Adabweretsanso nkhosa ndi mphalapala za kumaiko ozizira zotchedwa reindeer. Pakati pa zaka za m'ma 1950 adayesa kupha akalulu ndi nthenda ya myxomatosis, yomwe idagwetsa akalulu mamiliyoni ku Australia. Ku Kerguelen sidagwire bwino, chifukwa panthawiyo kudalibe udzudzu kapena utitiri wa akalulu woifalitsa.

Pakati pa 1992 ndi 1997 akatswiri a ku France adathira nyambo za poizoni pa tizilumba titatu, Verte, Guillou ndi Cochons, mpaka akalulu adatheratu pamenepo. Ankayembekeza kuti kabichi abwerera msanga. Adabwerera, koma mwaulesi. Zomwe zidathamangira kulanda malo ndi udzu ndi zitsamba zachilendo zochokera ku Ulaya. Chifukwa china n'chakuti zilumbazi zayamba kutenthera ndipo mvula yachepa poyerekeza ndi kale, pomwe kabichiyu amafuna dothi lozizira, lonyowa chaka chonse. N'chifukwa chakenso maloto a Anderson oti adzabzalidwe m'madimba sadapite patali, ndipo musavutike kufunsa mbewu yake kwa ogulitsa mbewu, ku Ntcheu sangaone ndi sabata yomwe. Mu 2019 bungwe la UNESCO lidaika zilumba za Kerguelen ndi Crozet pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse, koma akalulu pa chilumba chachikulu akadalipo.

Mbozi ya m'dimba mwanu yafikako

Pa chilumba cha Marion, cha anzathu a ku South Africa, pa mtunda wa makilomita oposa 1,700 kuchokera ku gombe lawo, akalulu kulibe. Koma kabichi wa kumeneko adapeza adani ena, ndipo mmodzi mwa iwo alimi a ku Bembeke ndi ku Jenda akumudziwa bwino.

Ndi kambozi kobiriwira kaja kamaboola masamba a kabichi ndi repu n'kuwasiya ngati sefa, kaja mukakakhudza kamadzigwetsa n'kulendewera pa kaulusi. Mayi wake ndi kagulugufe kotuwa kouluka madzulo, komwe akatswiri amakatcha Plutella xylostella. Kachilomboka kamadya za banja la mpiru, ndipo n'kotchuka pa dziko lonse chifukwa chozolowera mankhwala opopera msanga. Ogula ku Limbe akakana kabichi wanu ati ngwobooka, kawirikawiri wolakwa ndi kameneka. Mu 1986 kadapezeka pa Marion, ndipo pa chilumba chonsecho chakudya chake chidali chimodzi, Pringlea. Mankhwala a sulufule aja, omwe amathamangitsa tizilombo tina, kwa kameneka ndi fungo loitanira ku chakudya.

Kudafikanso nkhono yopanda chigoba yochokera ku Ulaya, yomwe imabisala m'masamba ake, ndi chuku chotuwa chija chimaoletsa tomato ndi masamba m'dengu nyengo ya mvula. Akatswiri amakhulupirira kuti chukucho chidakwera sitima pamodzi ndi ndiwo zamasamba zomwe ankapititsira ogwira ntchito pa chilumbapo.

Boma la South Africa, lomwe lidatenga zilumbazi kumapeto kwa 1947 ndi kumayambiriro kwa 1948, lidaika lamulo lokhwima. Akatswiri a zanyengo ndi a zamoyo amene amapita ku Marion pa sitima ya SA Agulhas II amakhalako kupitirira chaka, ndipo saloledwa kutsika ndi masamba kapena zipatso zaziwisi. Nsapato zimachapidwa, matumba a zovala amapendedwa kuopa njere. Chaka chonsecho amadya za m'zitini, zouma ndi zoumitsidwa mufiriji, kwinaku kabichi wa Anderson akumera kunja ali wotetezedwa ndi lamulo. Mutu wa kabichi wa ku Lizulu, ngakhale mutautsuka ndi sopo, pa Marion sungatsike m'sitima.